Hawa, Nyumba Ikamayaka Suodira

Ntaja,
Lachinayi masana.

Mwana wanga Hawa,

Asalamu alaikumu. Ndikanatha kudikira kuti ubwere kusadaka ya ku Chikweo wapitayo tidzakambirane pamaso, koma ndimakudziwa. Ine ndikamayankhula iwe umangozolika n'kumati "chabwino ababa, ndamva ababa," kenako n'kukachita zomwe unaganiza kale. Mayi ako, Mulungu awachitire chifundo, analinso otero. Ndiye ndalemba, ukafuna kutsutsa utsutsane ndi pepala.

Chikwama unalongedza Loweruka chija ndachiona. Chili kunsi kwa bedi chopanda kanthu, zovala zabwerera pachingwe, ndipo jombo wazibisa kuseri kwa thumba la makaka ngati kuti ine ndine wakhungu. Inde, ndalowa kuchipinda kwako, mwana wamkazi wamkulu, ndipo sindinaodire. Kwiya, chifukwa chake uchimva kutsogoloku.

Ndikudziwa chimene chakumasulitsa chikwama. Lamulungu lija amjomba ako Che Imedi atakhala pakhonde pano anati, "Alamu, ife takusungani bwino chimwalirireni mlongo wanga. Koma mwanayu akangokwera galimoto kupita ku zozimitsa motozo, inunso muone msana wa njira. Malo ano ndi a mbumba yathu, inu munangobwera kudzakwatira." Iwe unali kuseri ukusefa ufa, ndipo ndinamva sefa itasiya kulira. Ndiye waganiza zotsala kuti bambo ako asasowe pogona. Kalata yokuitana kumaphunziro inanena poyera kuti amene sadzaoneka pageti Loweruka m'mawa malo ake apatsa wina. Iyayi Hawa, mawa ukupita.

Ntchito yozimitsa motoyi ndinaigwira mumzinda zaka zoposa makumi awiri, iwe ndi mayi ako muli kuno, ndisanapume n'kubwera kudzalimbana ndi nandolo. Kumaphunziroko akakuuza zonse mwadongosolo, pabolodi. Ine ndikuuza mmene ndinaziphunzirira, molakwitsa, ndipo zina mwa izi sindinauzepo munthu.

Tsiku loyamba kulowa m'nyumba yoyaka ndinalowa choimirira, chifuwa patsogolo ngati mkwati. Inali nyumba yosanja, pansi mashopu, pamwamba mafulati a anthu a lendi. Mkulu wa gulu lathu anali a Namakhwa, Mlomwe wamfupi wosaseka ndi munthu. Tili panja anali atandiuza kuti, "Twaibu, bondo pansi, dzanja lamanzere pakhoma. Khomalo usalisiye ngakhale umve amako akuitana." Titangodutsa pakhomo ndinamva ngati munthu akubuula chakumanja, ndiye ndinasiya khoma n'kuthamangira komweko. Mapazi atatu okha. Utsi unali bii, dzanja langa lomwe osaliona. Ndinazungulira, kuzunguliranso, khomo osalipeza, m'chipinda chochepa ngati khitchini yathuyi. Chobuulacho ndinachipeza n'kuchikumbatira ndikukuwa kuti, "Mayi, gwirani apa tituluke!" Inali filiji. A Namakhwa anachita kundikoka mwendo, ndipo anzanga ananditcha Che Filiji zaka zitatu zathunthu.

Seka, koma umve. Kampweya kotsala ndi kakuwala kochepa zimakhala pansi, m'mwamba mumakhala kutentha kosupula makutu. Kwawa. Dzanja limene walowa nalo pakhoma likhale lomwelo mpaka uzungulire chipinda n'kufikanso pakhomo, linalo ndi mwendo zizisesa pakati. Mnzako uzimumva nthawi zonse, paphewa kapena pajombo, ndipo ukangoona kuti sukumumva, ima uitane. Khoma likakusowa fufuza payipi ya madzi uitsate, chifukwa inachokera panja. Silinda ya mpweya usaidikire mpaka ilire. Yamba kubwerera ikadali ndi mpweya wokufikitsa pabwalo, ngakhale ena akutche wamantha.

Uli mwana unkandifunsa chifukwa chake nsidze yanga yakumanja simera, ine n'kumakunamiza kuti inadyedwa ndi makoswe. Inadyedwa ndi chitseko. Tinali pansanjika yoyamba ya nyumba ina, ndipo chophimba kumaso ndinali nditachikankhira pachipumi chifukwa chinkandiyabwa. Ndinafika pachitseko, osachikhudza n'komwe, ndinangoima kutsogolo kwake n'kutsegula. Mkatimo moto unali utafooka posowa mpweya, ine ndiye ndinaupatsa. Unatuluka ndi mkokomo n'kundigwetsa chagada. Choipa kwambiri n'chakuti pothawa chitsekocho ndinachisiya chotsegula. Utsi wonse unathamangira m'masitepe momwe anthu a pamwamba ankatsikira, iwo n'kubwerera m'nyumba zawo. Tinakawatsitsa ndi makwerero, koma mawindo onse anali ndi mabagala, ndiye tinkadula chitsulo chimodzichimodzi, mayi ali mbali inayo akutsokomola, atatulutsa kamutu ka mwana pampata. Tsiku limenelo sanafe munthu, koma sizinali nzeru zanga.

Chitseko uzichikhudza kaye ndi kuseri kwa dzanja, kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Chikakhala chotentha dikira madzi. Potsegula khala pambali, utanyonyomala, ndipo ukadutsa tseka. Mgwala, chitsulo chothyolera zitseko, usakuchoke m'manja. Nyumba zathu timazimanga poopa akuba, moto sitiuganizira, choncho windo lililonse uzilitenga ngati khoma mpaka utaliona ndi maso ako kuti lilibe zitsulo.

Tsopano ndikuuze chimene mayi ako anapita kumanda osachimva.

Tinkayenda ndi choko m'thumba. Ukamalowa m'nyumba ya munthu unkalemba mzere umodzi pachitseko, ukasaka monse n'kutuluka unkaupingasa ndi wina. Obwera m'mbuyo akaona mizere iwiri yopingasana ankadziwa kuti muno mwasakidwa kale, n'kupitirira kukafuna ena. Munthu akalemba chizindikiro chimenecho ndiye kuti walumbira.

Linali Lachisanu masana, amuna ambiri ali kumzikiti ku Juma. Moto unayambira m'shopu ya matiresi pansi, utsi n'kumakwera. Ine ndi mnzanga anatipatsa nsanjika yachiwiri, makomo anayi. Atatu tinasaka bwinobwino. Pakhomo lomaliza mnzangayo anatsala atagwira chitseko, ine ndinalowa. Pakhomo pomwepo panali mapatapata a munthu wamkazi atandandalikidwa bwino, ndinachita kuwaponda ndi bondo. Pabalaza panalibe munthu, kukhitchini kunalibe, kubafa kunalibe. Kunatsala kuchipinda. Chitseko chake chinali chozizira, ndipo utsi mmenemo unali woti munthu n'kuona patsogolo pang'ono.

Hawa, ine ndinaleredwa bwino, ndipo tsiku limenelo vuto linali lomwelo. Kwathu mwamuna salowa kuchipinda kwa eni. Kumadarasa anatiphunzitsanso kuti pakhomo pa munthu upemphe katatu, akapanda kukuyankha ubwerere. Ndiye ndinagogoda ndi mgwala. "Odi! Odi kuno! Muli anthu?" Zii. Kachiwiri, zii. Kachitatu ndinakankha chitseko pang'ono. Ndinaona mkeka wa swala pansi, ndipo kumutu kwa bedi kunali kutayanikidwa zovala zamkati za mayi. Manyazi anandigwira. Taganiza, bambo wonyamula silinda kumsana, nyumba ikuyaka pansi pake, akuchita manyazi ndi kansalu! Ndinasuzumira ndi diso limodzi, pabedi panalibe munthu. Ndinatseka, ndinatuluka, n'kupingasa mzere uja. Mnzanga anafunsa, "Mwasaka monse?" Ine ndinati, "Monse."

Gulu lachiwiri litakwera linaona choko changa n'kudutsa. Moto utazima tinawapeza mayiwo pakati pa bedi ndi khoma, atakhala pansi, atadzifunda nsalu kuyambira kumutu. Moto sunawakhudze n'komwe, unali utsi wokha. Powatsitsa, mayi wina woyandikana nawo anagwira jekete yanga akulira, nati, "Anali pa eda mayiwa, akubindikira, amuna awo anamwalira mwezi wathawu. Mwamuna wachilendo sakanamuyankha. Ngakhale ife tinkachita kudzitchula dzina kuti atsegule."

Patapita masiku ndinakafunsa shehe wina wa kutali ndi kwathu, woti sandidziwa. Ndinati, "Shehe, mayi wofedwa ali m'masiku ake obindikira, nyumba n'kuyaka, atani?" Iwo anandiyang'ana modabwa. "Atuluke, athawe, ngakhale alibe mpango kumutu. Moyo ndiwo uli patsogolo. Chipembedzo sichinauze munthu kuti afere m'chipinda." Ndiye usamve wina akuti mayiwo anaphedwa ndi eda. Mwina sankadziwa zimenezi, mwina utsi unali utawafooketsa kale ine ndisanagogode, sindidzadziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti panatsala mapazi anayi okha, ndi dzanja limodzi losesa kuseri kwa bedi. Akuluakulu atafunsa ndinanena kuti ndinasaka. A Namakhwa anandiyang'anitsitsa, ndipo kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso Che Filiji, ankangoti bambo Twaibu.

Nyumba ikamayaka suodira, Hawa. Ulemu wonse takuphunzitsawu uziusiya m'galimoto. Lowa kuchipinda kwa shehe, kwa bwana, kwa apongozi a munthu. Kubafa kukakhala kotseka gwetsa chitseko, amene ali mkatiyo adzakutukwana mawa ali moyo. Pisa kunsi kwa bedi, pakati pa bedi ndi khoma, kuseri kwa chitseko, m'wadiropu, m'dengu la zovala. Ana sathawira panja, amabisala, ena poopa kukwapulidwa chifukwa cha machesi, ena poopa iweyo, pakuti ndi chophimba kumaso chija umaoneka ngati chilombo. Uziyang'ana nsapato pakhomo. Kwathu kuno munthu salowa nazo m'nyumba, ndiye zikakhala panja mwini wake ali mkati mpaka utatsimikiza kuti mulibe. Kusayankha sindiko kuti mulibe munthu. Choko usachitulutse m'thumba dzanja lako lisanakhudze ngodya zonse zinayi. Ndabwereza, usaodire.

Tsiku unabwera kudzandiuza kuti unalembera ntchitoyi mobisa ndipo akutenga, ndinangodzuka n'kutuluka, iwe n'kuyesa kuti ndakwiya. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza kuti mayi aja akanamva mawu a mkazi mnzawo akuti, "Amayi, ndine mwana wanu, tiyeni," akanayankha. Sindikukusenzetsa mlandu wanga, umenewo ndikayankha ndekha pamaso pa Mulungu. Ndikungokuuza kuti kuli zipinda zimene mawu ako adzafika msanga kuposa mgwala wanga, ndipo amene akunena kuti ntchitoyi si ya akazi sanatsitsepo mtembo pamasitepe.

Ngakhale ine ndinanenapo zimenezo, usandione ngati woyera. Miyezi ingapo Lachisanu lija lisanafike anatibweretsera mtsikana m'gulu lathu, woyamba kumuona chiyambire. Anali wamphamvu, payipi ankaikoka kuposa ena a ife, ndipo mwina n'chimene chinatipweteka. Tinkamuthirira madzi m'jombo. Akamakwera makwerero tinkaimba mluzu pansi. Pakudya tinkamupatsa mbale kuti akatsuke, ine ndikutsogolera kuseka. Anapirira miyezi iwiri, wachitatu sanabwerenso, ife n'kumati taonani, tinanena. Amene akuluakulu anamusankha kuti aziyenda ndi mtsikanayo awiriawiri ndinali ine. Akanakhalapo, pachitseko chija akanafika ndi iyeyo.

Ndiye anthu onga ine ukawapeza, sanathe. Akakuthirira madzi m'jombo, khuthula uvale. Mbale utsuke tsiku lako lokha, tsiku la wina uisiye pomwepo mpaka ichite nguwi. Wina akakugwira posayenera usadzanong'one, kuwa dzina lake pabwalo onse amve, kenako ukanene kwa akuluakulu. Usawasekerere kuti akukonde, ndiponso usalowe malo oopsa pofuna kuwaonetsa kuti ndiwe mwamuna. Sindiwe mwamuna, ndipo sanakutengere zimenezo. Swala usasiye, koma belu likalira uli pamkeka thamanga, udzabweza pambuyo. Mpango wovala mkati mwa chisoti ukhale wa thonje lenileni. Ine ndinavalapo vesiti ya nayiloni mkati mwa jekete, inasungunukira paphewa, anamwino n'kumachita kuisenda ngati khungu la mbatata. Mipango yonyezimira ya m'shopu ya amjomba ako ija uisiyire zikwati.

Amjomba akowo usadane nawo. Lachiwiri ndinawatsatira kushopu kwawo kumsika, ndinawapeza akudula nsalu. Ndisanakhale n'komwe anayamba okha. "Alamu, inu mukuyesa ndikudana naye? Mwana woti ndinamupalasa panjinga kupita naye kuchipatala mvula ikugwa, akuphupha ndi malungo, inu muli kutauni?" Ndinati zimenezo sindinaiwale. Iwo anati, "Zoti azikavala buluku, azikagona malo amodzi ndi amuna, anthu alankhula atopa. Koma akakapsa? Tidzamusambitsa bwanji? Sanda tidzamuveka pati?" Misozi inali ikutsika, sizasi ili m'manja, kasitomala ataima pakhomo. Ndinati, "Che Imedi, mantha amenewo ine ndili nawo kuposa inu, chifukwa zimene mukuganizazo ine ndinaziona ndi maso. Koma m'nyumba zoyakazo mumakhalanso alongo a anthu." Iwo anapukuta kumaso ndi nsalu yomwe ankagulitsayo nati, "Ngwamba, iyayi! Alongo a anthu ali ndi eni ake. Mawu anga sindibweza." Ine ndinati nanenso anga sindibweza, n'kutuluka.

Mantha amenewo sindikubisira. Tsiku lililonse foni ikalira mtima wanga uzidzadumpha. Koma ndinakuona chaka chija moto wolusa unalowa m'munda mwa Abiti Saidi, amuna akuthamangira uku ndi uku ndi nthambi, iwe utaima n'kuyang'ana kaye kumene mphepo ikulowera, kenako n'kuuza anthu poti alambule. Ndinadziwa pomwepo kuti mutu umenewu ukuposa wanga. Munthu wotere sindingamukhazike pakhonde kuti azisankha nandolo chifukwa choti ine ndi mlamu wanga tikuopa.

Cholakwa chomaliza ndinachichita nditapuma kale ntchito, imvi zili mbuu. Ndinali pa Liwonde kukagula mbewu, ndipo moto unabuka m'zipinda za lendi pamwamba pa shopu ina kufupi ndi depoti. Galimoto yozimitsa moto inali isanafike, anthu ankangolimbana ndi ndowa. Kunabwera telala wina akuthamanga, tepi ili m'khosi, akukuwa kuti, "Amayi anga ali m'mwambamo!" Ndinamugwira malaya. "Achimwene, dikirani tifunse kaye." Iye anandikankha nati, "Ndisiyeni akulu inu, si amayi anu!" Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinamusiya. Ine amene ndinkadziwa kuti ntchito yoyamba pamoto ndi kufunsa, watuluka ndani, wamuona ndani, n'kuzungulira nyumba yonse munthu asanalowe. Mayi akewo anali kuseri pamthunzi, atatulutsidwa kalekale ndi amayi ogulitsa mandasi, akumwa madzi m'kapu. Telalayo anatulukira pakhonde la m'mwamba n'kudumpha, manja onse atapsa. Lero sangagwire singano. Amaitanira minibasi pa depoti pomwepo, ndipo akandiona amandipatsa moni mwaulemu, ine n'kumayang'ana pansi.

Usanalowe uzifunsa, mwana wanga. Usadzalowe m'moto chifukwa cha munthu amene watuluka kale. Iwe wamasula chikwama kuti upulumutse ine, koma sunandifunse.

M'mawa muno mutangonyamuka ndi amayi ena aja, kunabwera lole ya mnzanga wopita ku Balaka. Makasu, wilibala, njinga, mipando ndi bokosi la mayi ako zapita kwa azakhali ako, ali ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ndipo akasesa kale. Kenako ndinapita kumanda kukawachitira duwa mayi ako n'kuwatsanzika. Pobwerera ndinadzera kushopu, ndinauza amjomba ako kuti asavutike kundithamangitsa, makiyi akawapeza mawa kwa mayi ako aang'ono. Anangoti kukamwa yasa. "Alamu, mwapenga? Ine ndimangoopseza! Ndani angakuchotseni pano?" Ndinati, "Ndikudziwa kuti mumaopseza, koma mwanayo amakukhulupirirani. Ndikakhala pano, nthawi iliyonse mukamufuna muzidzamukoka pogwiritsa ntchito ine, iye n'kumabwera." Ananditsatira mpaka pamsewu akuitana, ine osacheuka.

Zikundiwawa, sindinama. Khonde ili ndinamanga ndekha, njerwa ndinaumba ndekha, mango awa ndinabzala chaka chimene unabadwa, ndipo ndinkayesa kuti adzandiika pafupi ndi mayi ako. Pobwera kumanda kuja ndalira ngati mwana, anthu opita kudimba akundiona. Koma ndasankha ndekha, ndili ndi nzeru zanga zonse, ndipo palibe wandithamangitsa. Ukati utsale, utsala m'nyumba yopanda mipando ndi yopanda bambo, chifukwa ine mawa ndikupita, iwe upite usapite.

Ndiye longedzanso. Tikaswali m'mawa tikwera minibasi yoyamba tonse awiri. Pa Liwonde ine nditsika kukadikira ya ku Balaka. Iwe usadzatsike, usadzandinyamulire thumba, ndipo kondakitala akafunsa ngati pali wina wotsika, ukhale pampando wako.

Mulungu akutsogolere polowa, akutulutsenso.

Ndine bambo ako,
Twaibu